A Sebastiano Anakana Kunamizira Mabel

Uthenga unandipeza Lachinayi m'mawa, dzuwa lisanayambe kuwotcha. Ndinali pakhonde, mkono uwu uli m'timitengo momwe mukuuoneramu, Mabel mkazi wa Tomasi akundimwetsa phala poti chikho sindikanatha kugwira. Kunabwera msodzi wina akuthamanga kuchokera kudooko, matope mpaka m'ntchafu. Ngakhale moni sanapereke. Anangogwada chapatali n'kunena kuti, "Mayi, bwato la mwana wanu Leonard likubwera. Wopalasa ndi mmodzi, winayo wafunditsidwa mphasa." Pomwepo ndinadziwa kuti amuna anga, a Sebastiano, kwa dokotala sanafikeko.

Ambiri a inu munalipo poika maliro, zikomo. Koma ena mwachokera kutali, ku Maseya uko, ena ku Bangula, ndipo m'njira mwamva zambiri. Mwamva kuti a Sebastiano afa ndi chigololo. Ndiye lekani ndilankhule ine amene ndinagona nawo mphasa imodzi mpaka imvi. Sukulu sindinapite nayo patali, mawu okometsera ndilibe, ndingonena zomwe ndinaona ndi maso awa. Zina n'zochititsa manyazi kunena pagulu, mundikhululukire, koma manyaziwo ndi amene aphetsa munthu.

A Sebastiano anabadwa nthawi ya mfuti ndi njala, anthu akugwidwa ngati nkhuku. Amayi awo anawagwira iwo akuona. Ankanena kuti anawamenya ndi thako la mfuti pakamwa mpaka mano kugwa, n'kuwaika goli m'khosi. Iwo, ali mwana, anawatola anthu ena n'kupita nawo kumunsi, kwa Asena, n'chifukwa chake pakamwa pawo Chisena ndi Chimang'anja zinkangoyendera pamodzi. Dzina loti Sebastiano anawapatsa Mpwitikizi yemwe ankamugwirira ntchito. Yemweyonso ndi amene anawaphwanya zala ndi mbalamatodya, thabwa lija la mabowo lomenyera m'manja. Mukukumbuka zala zawo za kumanzere momwe zinapindikira? Zinali zimenezo. Atakula anathawa, n'kukwera ndi Shire mpaka kuno.

Ine ndinawapeza akudula nkhuni za sitima zapamadzi, njanji isanabwere. Ndinkapita kukagulitsa ufa kwa odula nkhuniwo. Iwo tsiku lililonse ufa wanga kuunyoza. "Ufa wako uli ndi mchenga, mtsikana iwe." Ine ndinkati, "Nanga mukuufuniranji?" Iwo amvekere, "Ndikufuna ndikaone kwanu amene anakuphunzitsa kusinja." Anapitadi, ndipo sanabwerereko.

Sindikunamizani kuti anali mngelo, ayi. Anali aukali, fodya wawo sankagawa, akaledzera ankaimba nyimbo imodzimodzi mpaka agalu kuthawa. Amuna anzawo anamenyana nawo ambiri. Koma mkazi sanamenyepo. Ine ngakhale ndipsereze ndiwo, ngakhale ndiwayankhe mwano, ankangotuluka n'kukakhala m'bwato. Ankati akakweza dzanja amaona pakamwa pa amayi awo.

Sitima zitachepa anasema bwato lawo n'kuyamba kuwolotsa anthu. Ana tinabala ambiri, nthaka inatenga, anatsala awiri, Petro ndi Leonard. Nkhondo ya Ajeremani itabwera, asilikali anafika m'mudzi kudzagwira amtengatenga. Anamugwira Petro ali ndi khasu m'manja. Bambo ake anamugwera msilikali mmodzi n'kumugwetsa pansi, ndiye anzake anawamangirira pamtengo wa mtondo n'kuwakwapula ndi chikoti mpaka msana kusanduka nyama. Ndinkachotsa mphutsi m'mabala amenewo ndi kamtengo. Petro sanabwerere, manda ake sitikuwadziwa. Umenewo ndiwo moyo wa munthu amene mukumva kuti wafa ndi chigololo.

Matenda awa sanayambe dzulo. Pali zaka ndithu akuvutika potaya madzi. Ankapita kuseri pafupipafupi, akafika kumeneko kuima nthawi yaitali, zotuluka madontho okha. Ali pakati pa mtsinje ankaimitsa bwato, anthu ali momwemo, n'kutembenukira kumbali. Anyamata ankawaseka. "Madala, Shire wadzaza kale, musawonjezere!" Iwo ankayankha kuti, "Ukadzafika msinkhu wanga udzabwere tidzapikisane." Tinkayesa ndi ukalamba basi. Tinamwa mizu, tinatema mphini, osasintha.

Tsono Tomasi. Tomasi ndi mwana wa m'mudzi mwathu momwemo, nyumba yake ndi yathu kungodumpha munda wa thonje. Kunkhondo anapita ngati msilikali, ndipo anabwerako ndi lamba wachitsulo kumutu ndi mtima woipa. Anakwatira Mabel, mwana wa kutsidya, wamng'ono, wosalankhulalankhula. Lamba uja sanapume. Mabel akachedwa kumadzi, lamba. Akaseka ndi munthu, lamba. Pamene Tomasi ankapita kukagwira ntchito ya njanji kumunsi, anamutchera mkazi wake likankho. Achikulire mukulidziwa. Anatenga mpeni wopinda kwa sing'anga, anauika pakhomo uli wotsegula, Mabel anaudumpha osadziwa, iye n'kuutseka. Amati mwamuna wina akagona ndi mkazi wotero amatsekeka, satayanso madzi, amatupa mpaka kufa, pokhapokha avomere mlandu, mwini mkazi atsegule mpeniwo. Tomasi sankabisa. Pamowa ankautulutsa mpeni uja n'kumauonetsa, "Amene akufuna kuphulika ayese."

Tomasi atabwerako kunjanji, tsiku lina masana Mabel anafika padooko akuthamanga, magazi ali chuchuchu kuchokera m'khutu. A Sebastiano sanafunse. Anamukweza m'bwato n'kupalasa. Tomasi anafika bwato lili pakati, anaima m'madzi mpaka m'chiuno akutukwana. "Mdala iwe, mkazi ameneyo ndi wako? Bweza!" Iwo sanacheuke, anakamusiya kwa amake kutsidya. Kwawoko sanamusunge, anati mwamuna analowola, n'kumubweza. Mlandu wa amuna anga ndi umenewo basi. Anawolotsa mwana wa eni akukha magazi.

Mwezi sunathe, a Sebastiano anatsekeka, madzi osatulukanso. Anali atachokera kumowa wa maliro, mvula inawanyowetsa m'njira. Kutacha ndinawapeza kuseri atagwira mtengo, thukuta lili kamukamu, palibe ngakhale dontho. Pofika masana chinena chinali chitatupa, chili gwa ngati dzungu. Munthu amene sanalire pa chikoti ankabuula ngati ng'ombe.

Mbiri inathamanga. Anthu anadzaza pabwalo pathu, ndipo Tomasi anabwera akumukoka Mabel ndi tsitsi, dzanja linali atakweza mpeni uja, wotseka.

"Mwaona? Wagwira! Ndinanena ine. Mdala, unkati ukuwolotsa, kodi m'mabango muja munkatani?"

A Sebastiano ali chigonere anati, "Mwana iwe, Mabel ndi msinkhu wa mdzukulu wanga."

"Mdzukulu? Nanga chakutseka n'chiyani? Vomera, nditsegule, ukodze."

Chimene chimandiwawa n'chakuti amene ankawakakamiza kwambiri sanali adani ayi. Anali anzawo omwa nawo mowa, anthu owakonda. Anagwada pamphasa n'kumawanyengerera. "Achimwene, ingovomerani. Mawu amodzi okha. Mlandu tidzakamba pambuyo, mbuzi tidzasonkha tonse. Mufa nazo izi." Iwo ankakhulupiriradi kuti akuwapulumutsa. Mmodzi mpaka anandiuza ine kuti, "Mlamu, musachite nsanje, aloleni avomere." Ine ndinati, "Nsanje ya chiyani? Munthuyu ndimagona naye ndine. Zaka zino tikukhala ngati mlongo ndi mlongo wake, mphamvu yopita kwa mkazi wa mwini aitenga kuti?" Akazi ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Ndinanena, nanga ndikanatani?

Tomasi anavula lamba n'kuyamba kumukwapula Mabel pamaso pathu, mbali ya chitsulo. Chitsulo chinamung'amba pamwamba pa diso. Mabel ankangoti, "Sindinachite, sindinachite," iye n'kumamuponda pamsana. Kenaka analoza amuna anga n'kunena kuti, "Mdala uyu akangoti inde, iwe hule ndikudula khosi lero lomwe, boma lidzandipeze." Tonse tinamva. Anzawo aja ankati akungoopseza. A Sebastiano ankamudziwa Tomasi, anaona khutu lija. Anadzuka ndi chigongono n'kunena mawu amodzi m'Chisena chawo, "Nkhabe." Ndiye kuti ayi. Anabwerezanso m'chathu kuti aliyense amve, "Ayi. Mwanayu sindinamukhudze."

Leonard ndi amene anati tipite nawo ku Chiromo. Anali atamva kwa anthu a njanji kuti kumeneko kuli dokotala, Mmwenye, wothandiza anthu otsekeka. Titawanyamula, amuna anatitsekera njira ya kudooko. Ankati munthu wa likankho akakwera pamadzi amaphulikira pomwepo, ndiye sangalole kuti tiwaphe. Leonard anapempha kamodzi, kawiri. Kenaka anatola nkhafi. Woyamba anamumenya pakamwa mano kuwaza, wachiwiri pa phewa, enawo anapatuka. Mmodzi wa iwo ali pompano, ndamuona, chipsera chikadali pamlomo. Pepani achimwene, koma mukanapatuka msanga.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Bwato likagunda funde pang'ono iwo kukuwa. Ankaluma m'mphepete mwa bwato. Sanaphulike. Tinafika.

Dokotala uja anangogwira pamimba n'kuyamba kukalipira wothandiza wake kuti afulumire. Anatulutsa kachubu kofiira ka mphira, kowonda ngati phesi la udzu, anakawiritsa, anakadzoza mafuta. Ine ananditulutsa panja. Ndinamva kukuwa kamodzi, kenaka zii. Kenaka ndinamva madzi akugwera m'beseni, osaleka, osaleka. Ndiyeno mawu a amuna anga, "Amake Leonard! Bwera udzaone, ndadzaza mtsuko!" Ndinakhala pansi n'kulira.

Tinagonera komweko masiku angapo. Wothandiza uja ndiye ankamasulira. Dokotala anatenga mkodzo n'kuuyang'ana pa galasi lake loonera tizilombo, anati likodzo lilimo pang'ono monga aliyense wa kumtsinje, koma chotseka si chimenecho. Anajambula pansi ndi chala. Anati mwamuna aliyense ali ndi kanyama pakhosi pa chikhodzodzo, kozungulira njira ya mkodzo. Munthu akamakalamba kanyamako kamakula n'kufinya njira, monga muzu umafinyira ngalande. Anati n'chimodzimodzi kwa Amwenye, kwa Azungu, ngakhale kwa ansembe osakwatira. A Sebastiano atamva za ansembe anaseka mpaka kugwira pamimba. "Uwafunse, kodi ansembewo anawatchera ndani?" Dokotala anatinso kunja madokotala ayamba kung'amba mimba n'kuchotsa kanyamako, koma akadaphunzira, ena amachira ena amafa, ndipo iye pamenepo zipangizo zake analibe. Chimene akanatha ndi kutipatsa kachubu kamodzi. Anawaphunzitsa kulowetsa okha, ine anandiphunzitsa kuwiritsa. Anati, "Mayi, mphika wake ukhale wakewake, osaphikamo kanthu. Kachubuka mukasamale, ndilibe kena kokupatsani mpaka katundu adzabwere."

Tinabwerera kumudzi a Sebastiano akupalasa okha. Anthu padooko anangoti kakasi. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali imeneyo, m'mawa, masana, madzulo, kuwiritsa kachubu, kukaika m'kachitini. Ananenepa. Analima thonje, anamatanso nyumba. Madala ena a m'mudzi, omwe aja ankati vomerani, anayamba kubwera mmodzimmodzi, ngati akudzapempha moto. Akakhala pang'ono n'kunong'ona, "Achimwene, inenso madzi akuvuta. Kodi kamphirako kamawawa?" Iwo ankawayankha mokweza dala, "Nawenso unapita kwa mkazi wa Tomasi?" Mdala n'kuthawa, iwo kuseka.

Kusekako n'kumene kunafika m'makutu mwa Tomasi. Pamowa anyamata anayamba kumunyoza. "Asilikali, mpeni wanu wagonja ndi mphira." "Tomasi, ukabweze mpeniwo kwa sing'anga, akupatse wosendera mbatata." Iye sanaganize kuti mwina mkazi wake ndi wosalakwa, ayi. M'mutu mwake munali moti mdala anadya mkazi wake, Mmwenye n'kumuthawitsa pa chilango. Mabel miyezi imeneyo sitinkamuona kumadzi. Tinkangomva kulira kwake.

Sabata yathayi, mtsinje utadzaza, Leonard anapita kudambo kukavuula mono. Kunja kutayera ine ndinali nditaika kamphika kaja pamoto kuseri kwa nyumba, amuna anga atakhala pampando akudikira, poti m'mawa ndi pamene chikhodzodzo chimakhala chodzaza. Ndinangomva nkhuku zikubalalika. Tomasi uyo, kachasu akununkha patali, Mabel akumukoka ndi chingwe cha mbuzi m'khosi. Nkhope ya mwanayo sindinaizindikire.

Anaponda kamphika, madzi owira n'kundithira m'miyendo. Anatola kachubu pa phulusa, kakumuwotcha m'manja koma osakataya.

"Lero tione. Mmwenye wako ali kuti?"

A Sebastiano anaimirira. "Tomasi, bweretsa. Chimenecho si choseweretsa."

"Ndikupatsa. Ndine munthu wabwino ine. Ungonena pamaso pa anthu awa kuti unagona naye. Ukanena, tenga kamphira kako uzikodza mpaka chaka chamawa. Ineyo ndithana ndi wangayu."

Anthu anali atayamba kufika, koma ataima patali, poti Tomasi akaledzera ankaoopsa. Ine ndinatola munsi n'kumumenya nawo pamsana. Anatembenuka, anandilanda, n'kundimenya nawo pamkono pano. Ndinamva fupa likuti thyo. Ndinagwa. Amuna anga anamulumphira pakhosi, nkhalamba ya imvi, zala zopindika zomwe zija. Anagwa onse awiri, anagubudukira pamoto, Tomasi anadzuka ndiye woyamba. Anawaponda pachinena ndi chidendene. Pachikhodzodzo chodzaza. Anapondanso. Kulira kumene analira sindingakuuzeni.

Kenaka anagwada pa iwo, kachubu akukagwedeza pamphuno pawo. "Nena, mdala. Inde basi. Ukufera hule?"

Mabel ali pansi, chingwe chili m'khosi, anakwawa n'kuwagwira phazi. Anati, "Agogo, ingonenani. Ine ndatopa kale. Nenani mukhale moyo."

Ine ndinali chigonere pafupi, ndinaona nkhope yawo. Anayang'ana kachubu kaja. Ankadziwa kuti kena kulibe, ankadziwa momwe mtsinje wadzazira. Anati, "Khala chete, mwana wanga." Kenaka kwa Tomasi, "Nkhabe. Ndanena kale. Sindinamukhudze, ndipo sundiphetsa mwana wa eni ndi pakamwa panga."

Tomasi anapisa m'thumba, anatulutsa mpeni, anautsegula ndi mano, n'kuyamba kudula kachubu pa bondo lake. Anadula tizidutswa tizidutswa, akutukwana, n'kumatiponya pankhope pawo. Atamaliza anaimirira akupuma ngati galu.

Mayi wina pagulu paja ndiye anakuwa. "Tomasi, mpeni uwo! Watsegula!"

Mu ukali wake sanaone kuti mpeni umene watulutsa ndi womwe uja wa likankho, umene sunatsegulidwepo chiutsekereni. Anauyang'ana m'manja mwake. Anthu onse anauyang'ana. Malinga ndi mwambo wawo womwewo, mpeni ukatseguka munthu wogwidwa amamasuka nthawi yomweyo. Ndiye anathamangira kwa a Sebastiano, anawanyamula, anawaimika kuseri, amuna awiri atawagwira m'khwapa. "Tayani madzi, achimwene, watsegula! Tayani!" Anadikira. Dzuwa linakwera akudikira. Kunatuluka timadontho ta magazi basi.

Pamenepo m'pamene anthu anayamba kuyang'anana. Mdala mmodzi anati, "Ngati mpeni watseguka koma munthu sakumasuka, ndiye kuti si likankho." Inde, si likankho! Dokotala ananena, ine ndinanena, mwini wake ananena, koma mpaka mpeni unene. Pocheuka kuti amugwire Tomasi, anali atapita kale, mpeni atautaya pabwalo.

Anthu anakamuitana Leonard kudambo, anafika dzuwa litapendeka. Anatola tizidutswa tija, anatitsuka, anayesa kulumikiza ndi ulusi, sizinatheke. Chachitali kwambiri chinali ngati chala. Wina anati tiyese phesi la bango, a Sebastiano anakana, anati dokotala analetsa. Mimba inali itatupa, yakuda mbali imodzi pomwe anapondapo. Anawanyamula kupita kudooko, ulendo uno panalibe wotseka njira, omwe aja anatchinga kale ndiwo ananyamula. Ine ndinafuna kukwera, koma mkono unali lende, fupa likuonekera, ndipo bwato pamadzi otero silifuna katundu wambiri.

Ndinagwada m'matope pambali pa bwato. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amake Leonard, usalire, ukuopsa ng'ona." Kenaka anati, "Mwana uja umuchotse chingwe. Agone kwathu. Asabwerere." Ndinati, "Ndamva, bambo." Anati, "Fodya wanga ali padenga, usapatse munthu." Mawu omaliza amene ndinamva ndi amenewo.

Zotsalazo anandiuza Leonard. Madzi anali atasefukira dambo lonse, njira za bwato zitatsekeka ndi udzu woyandama. Ankalowa uku kupeza kotseka, kubwerera, kulowa kwina. Pena ankatsika n'kumakoka bwato ndi manja, madzi ali m'khosi. Bambo ake poyamba ankamuuza njira, poti dambo lonse analidziwa, "Kumanja, mwana iwe, tsata mitengo ya migwalangwa." Kenaka anayamba kutentha thupi, kulankhula Chisena chokhachokha, kuitana amayi awo. Pamene mlatho wa Chiromo unayamba kuoneka patali, Leonard anati, "Bambo, tafika." Sanayankhe. Anawagwedeza phazi, linali litazizira. Sanapitirirenso. Anawafunditsa mphasa n'kutembenuza bwato.

Tinawaika dzana pamtunda paja madzi safika. Posambitsa mtembo, amuna amene analowa anatuluka akulira, ataona msana wa chikoti ndi mimba ija.

Ndiye inu amene munamva m'njira kuti a Sebastiano afa ndi chigololo, mwamva tsopano. Akanatha kunama. Mawu amodzi, bwenzi lero ali pano akukumanani fodya. Koma bwenzi titaika Mabel. Mabelyo ndi uyu wakhala pambuyo pangayu, musamuyang'ane choncho, wayang'anidwa mokwanira. Diso limodzi silikuona. Kwawo sanabwere aliyense kudzamufunsa. Akhala ndi ine, ndiye manja anga tsopano, ndipo amene akufuna kumutenga ayambe wathyola mkono wanga winawu.

Inunso madala, ndikukuonani, ena mwatuluka kawiri chiyambire kulankhula ine. Musadikire kuti mutsekeke. Musabise. Madzi akaphwa pitani ku Chiromo mukaonedwe, si matenda a manyazi, ndi ukalamba. Ndipo wina akadzatsekeka m'mudzi mwanu, musadzayambe kufunsa kuti wagona ndi yani. Mudzayambe mwamukweza m'bwato.

Tomasi akuti anawolokera kwa Apwitikizi. Amesinjala a boma anabwera, anafunsa, anapita. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi Leonard. Chibwerereni sanadye. Dzulo ndinamupeza kuseri akunola mkondo wa bambo ake wobayira mvuu, ndipo wakhala akufunsa asodzi kuti Tomasi anawolokera dooko liti. Ndinamugwira mwendo, ndinati, "Mwana wanga, Petro anapita, bambo ako apita, ukufuna boma likupachike nditsale ndi yani?" Anangochotsa dzanja langa mwaulemu n'kupitiriza kunola. Amalume ake muli pano, akulu a mpingo muli pano, mulankhule naye, ine mawu andithera.

Mukabwerera kwanu musatiiwale. Mukagwada, mutitchule maina. Mumupempherere Mabel kuti apole. Mundipempherere ine, nyumba yakula. Koma makamaka mumupempherere Leonard, kuti Mulungu amugwire dzanja asawoloke mtsinje uja. Ndi mmodzi yekhayo amene ndatsala naye.